Dzanja Lamanja la Malita

Ana anga, mwakhala mukundinena kuti ndikayamba kukamba za ku ntchito ndimathamanga bwino, koma ndikafika pa chaka chomaliza ndimakhotera ku nkhani za kukwera mtengo kwa shuga. Simunama. Tsopano poti ndinapuma, ndipo bondo lakumanzereli silindilola kukwera mtunda wa ku Soche kawiri pa tsiku, ndaganiza zokhala pansi nkulemba mbali imene ndimaidumphayo. Kuti muimve bwino ndiyambira patali pang'ono, pamene ndinaphunzira chinthu chimene chinandikweza pa ntchito, chomwenso chinadzandigwetsa.

1994, ku Limbe

Ndinalowa uphunzitsi ndili ndi zaka makumi atatu, chaka chimene boma la matipate linalengeza kuti pulayimale ndi yaulere. Ana anakhamukira ku sukulu, ena ali ndi ndevu kale, ndipo aphunzitsi anachepa. Ife amene tinali ndi satifiketi ya Fomu 4 anatitenga, kutiphunzitsa masabata ochepa, nkutiponya m'kalasi. Ine ananditumiza ku sukulu ina kuseri kwa msika wa Limbe. Kalasi langa linali pansi pa mtengo wa bulugama, bolodi linali chitseko chakale chopakidwa utoto wakuda, ndipo choko tinkachidula pakati kuti chikwane. Ana a kumbuyo sindinkawadziwa mayina. Mvula ikayamba kugunda ku Mpingwe, sukulu inkathera pomwepo.

Mphunzitsi wamkulu anali a Matola, munthu wamfupi amene sanabwerepo ku ntchito opanda tayi ngakhale mu Okotobala. Tsiku lina anandiitanira mu ofesi.

"Mayi, mawa kukubwera oyendera sukulu. Ana anu amakweza manja mukafunsa funso?"

"Amene akudziwa amakweza, ahedi."

"Amakhala angati?"

"Mwina asanu."

"Ndiye mukufuna akalembe kuti ena onsewo mumawaphunzitsa kuwodzera?" Anatseka chitseko. "Pitani mukawauze chonchi. Mukafunsa funso, aliyense akweze dzanja. Wodziwa yankho akweze lamanja, wosadziwa akweze lamanzere. Inu muziloza amanja okhaokha. Mlendo sadziwa kanthu, amangoona nkhalango ya manja."

Ndinachita zomwezo, ndipo mawa lake woyendera sukulu anachoka akugwedeza mutu mokhutira. Analemba kuti sanaonepo kalasi la pansi pa mtengo lochangamuka ngati langa. Manyazi anandigwira pang'ono, koma anatha msanga, chifukwa kuyamikiridwa kumakoma.

Zaka za pakati, ku Ndirande ndi ku Soche

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi enieni anandisamutsira ku Ndirande, kumene ndinakhala zaka zambiri, kenako ku Soche, kufupi ndi nyumba imene mukuidziwayi. Ahedi ndinaona amitundumitundu. Wina ankatseka choko mu kabati ya kunyumba kwake, wina ankatiwerengera mphindi zopita kuchimbudzi, wina anali munthu wabwino kwambiri moti sanakhalitse. Konseko njira ya a Matola ndinkayenda nayo, ndipo ndinaiwongola. Ndinasiya kudikira alendo, ndinaisandutsa lamulo la tsiku ndi tsiku, kuti ana asamasokonezeke mlendo akabwera modzidzimutsa. Ndinawonjezeranso chilango. Wokweza lamanja asakudziwa yankho ankasesa kalasi. Wokweza lamanzere pamene ine ndikudziwa kuti yankho ali nalo ankasesanso, chifukwa ndinkati kumeneko ndi kunama. Wosakweza konse ankakatola zinyalala pabwalo.

Ndinkadzilimbitsa mtima kuti njirayi imandithandiza kuona msanga amene atsalira, ndipo pang'ono zinali zoona. Koma chachikulu chinali mbiri. Aphunzitsi ongoyamba kumene ankawatumiza kwa ine kuti adzaone mmene kalasi limayendetsedwera. Ndikakwera minibasi pa Chichiri, makondakitala ena amene ndinawaphunzitsa ankakweza dzanja lamanzere uku akuseka, nkundiuza kuti ndisalipire. Ana onse a m'dera lathu ankachidziwa chinsinsicho. Amene sankadziwa anali akuluakulu a ku ofesi okha.

Sukulu zitatsegulidwanso mliri utachepa

Pa nthawi ya mliri wa korona, paki ina ya nyama zakutchire ya kumunsi ku Chigwa cha Shire inasiya kulandira mabasi a ana a sukulu. Akuluakulu ake anaganiza kuti ngati ana sangapite ku nyama, nyama zipite kwa ana kudzera pa intaneti. Sukulu zitatsegulidwa, njirayo anapitiriza nayo, ndipo anasankha sukulu zingapo za mu Blantyre. Yathu inalowa chifukwa cha mbiri ya kalasi langa la Sitandade 7. Anatibwereka laputopu, pulojekita ndi sipika. Ine ndinabweretsa nsalu yoyera ya pabedi ya bambo anu, tinaikhomera pakhoma, mawindo nkuwatchinga ndi makatoni. Lachinayi lililonse m'mawa, msilikali wa m'paki ankaima kutchire ndi foni yake, ife tikumuona pansalupo, iyenso akutiona. Phunziro lililonse linkajambulidwa kuti likaonetsedwe ku sukulu zimene kulibe netiweki. Anatilonjezanso kuti kalasi limene lichite bwino adzalitumizira basi kumapeto kwa chaka, likaone nyamazo ndi maso.

Msilikaliyo anali a Fombe, munthu wamtali wa mawu otsika, amene Chichewa chake chinkandikumbutsa kwathu. Monga mukudziwa, ine ndinabadwira kufupi ndi paki imeneyo, koma sindinalowemo ndi tsiku limodzi lomwe. Ife tinkangodziwa mpanda wake ndi nyama zimene zinkatidyera mapira. Choncho tsiku loyamba njati itatulukira pansalu nkutiyang'ana, ana a kutsogolo anagwera anzawo a kumbuyo, ndipo inenso ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi. A Fombe ankadziwa ntchito yawo. Ankatola ndowe ya njovu, kuiphwanya ndi manja, nkuonetsa ana mbewu za mitengo zili m'kati. Ankakhala chete kuti timve mbalame. Magetsi akathima tinkathamangira kwa a Saidi, kholo lina limene linkayendetsa minibasi ya ku Limbe, kukabwereka kajenereta kawo. Netiweki ikavuta, a Fombe ankauma pansalu kukamwa kuli yasa, ana nkumafa nako kuseka. Ndinena mosabisa kuti m'zaka zanga zonse za uphunzitsi sindinasangalalepo ngati miyezi imeneyo.

M'kalasimo munali mtsikana amene ndimutchula kuti Malita, ngakhale si dzina lake. Anachokera ku mudzi wina wa m'mphepete mwa paki yomweyo, ndipo ankakhala ndi azakhali ake amene ankagulitsa tomato pamsika. Atangofika anzake ankamuseka chifukwa cha Chisena chimene chinkatulukira m'mawu ake, ndiye anali wosayankhulayankhula. Maphunziro a Lachinayi ndiwo anamutsegula pakamwa. Mitengo yonse ankaidziwa, mapazi a nyama ankawazindikira a Fombe asanamalize kufunsa. Dzanja lake lamanja silinkapuma, ndipo ine ndinazolowera kuyang'ana kwa iye funso likavuta.

Lachinayi lija

Chakudza sichiyimba ng'oma. Tsiku limenelo phunziro linali la adani a nyama. A Fombe anationetsa nyala, nyama yonga gwape, imene inali ndi chilonda chozungulira khosi lonse. Kenako anatulutsa waya wopindidwa mozungulira, nkuuyandikiza ku foni.

"Ndani akudziwa chinthu ichi? Ndipo chimagwira ntchito bwanji?"

Manja onse anakwera, monga ndinawaphunzitsira. Maso anga anayenda mofulumira pa mizere yonse. Amanzere, amanzere, amanzere. Ana a m'tauni waya amaudziwa woyanikapo zovala basi. Lamanja linali limodzi lokha, ndipo linakwera mochedwa, lopindika pachigongono. Ndinaliona kuti lapindika. Koma phunziro linali kujambulidwa, ahedi anali ataima pakhomo, ndipo mutu wanga unali pa basi ija.

"Malita," ndinatero.

Anaimirira. "Ndi khwekhwe. Msampha wa nyama. Waya wake ndi wa buleki ya njinga. Amaumangirira pamtengo, panjira imene nyama zimadutsa popita kumadzi."

"Pyadidi," anatero a Fombe, kumuyamikira m'chiyankhulo cha kwawo. "Wayankha kuposa asilikali ena. Wadziwa bwanji zimenezi, mwanawe?"

"Ababa amapanga. Patchuthi ndimawagwirira waya."

A Fombe sanasinthe mawu, koma nkhope yawo inasintha. "Ooh. Kwanu ndi mudzi uti?"

Apa mpamene nzeru zinandibwerera. Chingwe cha magetsi chinkadutsa pafupi ndi phazi langa. Ndinachikoka ndi nsapato, ndipo nsalu ija inangoti bii. Mwana wina anati magetsi athima, ngakhale babu la pakhonde linali likuyakabe. Malita anali chiimire. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana anzake, ndipo ndinaona kuti wazindikira chimene wachita.

Lolemba lotsatira, mu ofesi ya ahedi

A Fombe anabwera okha, atavala yunifolomu, atayenda ulendo wonse wochokera kuchigwa. Aka kanali koyamba kuwaona maso ndi maso. Ahedi athu pa nthawiyo anali a Namaona, munthu wosafuna mavuto ndi wina aliyense wovala yunifolomu. Anandiuza kuti ndibwere ndi kaundula wa kalasi, buku limene timalembamo dzina la kholo ndi mudzi wa mwana aliyense. Ndinabwera nalo, koma ndinakhala nditalifumbatira pachifuwa.

A Fombe sanabwere ndi ukali. Anafotokoza kuti nyala ija inafa Loweruka. Anati mnzawo wina wa pantchito amayenda motsimphina mpaka lero chifukwa cha msampha. "Sindikufuna mwanayo, mayi. Ndikufuna dzina la bambo ake ndi mudzi. Zina zonse ndi ntchito yathu."

"Mukawapeza muwatani?"

"Lamulo mukulidziwa."

Ndinkalidziwa. Munthu wopezeka ndi misampha ya m'paki amakalowa m'ndende, ndipo si kwa masabata. Ndinkadziwanso kwathu mmene nkhani imayendera. Mudzi wonse ukanamva kuti bamboyo wamangitsidwa ndi mwana wake wa ku tauni, ndipo Malita akanakhala ndi dzina limenelo mpaka kumanda.

"Mayi, perekani bukulo," anatero a Namaona. "Si lanu, ndi la boma. Ndiponso palibe amene anamukakamiza mwanayo. Anakweza yekha dzanja, tonse tinaona."

"Nanenso ndinaona," anatero a Fombe. "Akanafuna kubisa akanangokhala chete."

Pamenepo ndinadziwa kuti njira yatsala imodzi, ndipo inali yodzivula ulemu ndekha. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinawauza zonse, kuyambira kwa a Matola. Ndinati m'kalasi mwanga mulibe mwana amene angakhale chete, chifukwa wosakweza dzanja amalangidwa. Ndinati wodziwa yankho saloledwa kukweza lamanzere, chifukwa ndimamutcha wabodza. Ndinati manja onse amene akhala akuwaona pafoni miyezi yonseyi, ochuluka anali a ana osadziwa kanthu. "Malita sanadzipereke, a Fombe. Ndinamutsekera njira zonse zothawira, kenako ndinamuloza ndine. Mawu amene ananena ndinachita kumufinya. Sindingawatengenso nkukamangitsa nawo bambo ake."

A Namaona anavula magalasi nkuyamba kuwapukuta. Sindikhulupirira kuti zonsezi ankazimva koyamba, koma anachita ngati akumva koyamba.

A Fombe anafunsa funso limene linandilasa kuposa zonse. "Ndiye tsiku lija ndinafunsa za ntchito ya njuchi, manja onse aja?"

"Amanja anali anayi."

"Ine ndinkapita kunyumba ndikuuza akazi anga kuti ana a ku Soche akumva zonse." Anaimirira, nkuvala chipewa. "Ndikhoza kupita kupolisi, bukulo mungalipereke musakufuna. Sindipita. Koma mumuuze bamboyo kuti tchire limene amatcheramo ndi lomwe ndimayendamo tsiku lililonse. Tikakakumana kumeneko sindidzafunsa kaundula."

Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti mbali ya Malita aidule pa kanemayo asanaitumize ku sukulu zina. Anavomera, ndipo ndinamva kuti anachitadi.

Zotsatira zake sizinachedwe. A Namaona analemba lipoti, ndipo ndinalandira kalata yondichenjeza, yoyamba pa zaka zonse za ntchito yanga, kutatsala miyezi yochepa kuti ndipume. Aphunzitsi atsopano anasiya kuwatumiza kwa ine. Laputopu, pulojekita ndi sipika anabwera kudzatenga, nkupita nazo ku sukulu ina ya ku Nyambadwe. Sindiwadandaula, chifukwa anatisankha potengera mbiri imene inali yabodza. Basi ija inapita ndi ana ena. Nsalu ya bambo anu ndinaichotsa ndekha pakhoma, ili ndi mabowo anayi a misomali.

Miyezi yomaliza

Uthenga wa a Fombe ndinaupereka kwa azakhali a Malita, pamsika, tikunamizira kusankha tomato. Patapita masabata atatu, ndikutuluka m'kalasi masana, ndinapeza bambo wina atakhala pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu, thumba la feteleza lili pakati pa miyendo yake. Anali woonda, wa msinkhu wa mng'ono wanga, nsapato zake zili za matayala. Dzina lake sindilemba ngakhale muno.

"Ndinu aphunzitsi a Malita?"

"Ndine."

Anakankhira thumbalo kwa ine. Munali mawaya okhaokha, ena adzimbiri, ena atsopano. "Mukawapatse agemuwo, asilikali a m'paki aja. Musanene kumene achokera."

Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Ine sindinapite kusukulu, mayi. Mapira akapsa ndi dzuwa, kapena madzi akasefukira, ana amayang'ana ine. Ndinamutumiza kuno kuti iye asadzagwire waya. Tsopano wanena pamaso pa anthu kuti bambo ake amapanga misampha. Sananame. Chimene ndingathe ine ndi kuti akadzanenanso, anene kuti bambo ake ankapanga kale." Anayang'ana pansi. "Chaka chino tidya chiyani, sindikudziwa. Koma ndifunse. Amati anakweza dzanja yekha. Nzoona?"

"Ayi. Ndinamuphunzitsa ndine kuti wodziwa sabisa, ndipo ndinamuloza ndine."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Takhuta ponena zoona," anatero, kundithokoza m'Chisena. Anapempha kuti ndisamuitane mwanayo, poopa kuti anzake angamuone. Anatsika mtunda wopita ku siteji ya minibasi osacheuka. Thumba lija ndinalitumiza kwa a Fombe kudzera kwa a Saidi, popanda kalata. Ngati bamboyo anasiyadi mpaka kalekale, sindikudziwa, ndipo sindikufuna kulemba chimene sindikudziwa. Chimene ndikudziwa nchakuti sanamangidwe chifukwa cha mawu a mwana wake.

Lamulo la manja ndinali nditalithetsa kale Lachiwiri, tsiku lotsatira titakumana ndi a Fombe mu ofesi ya ahedi. Ndinauza ana kuti kuyambira tsikulo wofuna kuyankha akweze dzanja lililonse, wosafuna akhale. Masiku oyamba ankasokonezeka, manja amanzere ankakwera okha nkutsikanso. Kenako kalasi linakhala mmene linalili zaka zonsezi pansi pa bodza langa, manja asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndinayamba kuphunzitsa amene sankakweza, ntchito imene ndinayenera kuiyamba pansi pa bulugama uja ku Limbe.

Koma Malita sanakwezenso dzanja. Anzake sanamukhululukire za basi. Ankamutcha mwana wa khwekhwe, ndipo ngakhale ndinalanga awiri atatu, pakamwa pa ana sungapatseke. Anasamukira pa benchi ya kumbuyo. Zolemba ankakhoza monga kale, kujomba sankajomba, koma mawu ake sindinawamvenso m'kalasi. Tsiku lina ndinamutsalitsa anzake atatuluka, ndinamuuza kuti wolakwa ndine, osati iye. Anati, "Chabwino, madamu," maso ali pansi, nkupempha kuti azipita chifukwa azakhali ake akumudikira kumsika.

Sabata yanga yomaliza pa ntchito tinkabwereza za mitsinje. Ndinafunsa dala funso limene ndinkadziwa kuti m'kalasi monse angayankhe ndi iye yekha, la mmene anthu a kuchigwa amadziwira kuti madzi a Shire ali pafupi kusefukira. Palibe dzanja linakwera. Ndinadikira, choko chili m'manja, osayang'ana kumbuyo mwachindunji. Kenako ndinaona dzanja lamanja la Malita likuchoka pa desiki. Linakwera mpaka paphewa, nkuima. Iye analiyang'ana, nkulitsitsa, nkulibisa pansi pa desiki, lamanzere litaligwira pamwamba.

Dzina lake linali kale pamilomo panga. Zaka pafupifupi makumi atatu ndinali ndisanalekepo dzanja lamanja kudutsa osaliloza. Ndinatembenukira ku bolodi, ndipo yankho ndinalemba ndekha.